Wilitcheya yoyendera mabatire pa misewu ya ku Mulanje

Wilitcheya imene ndikuifotokoza pano ndi ya mtundu wofala pakati pa zoyendera magetsi zimene zimafika kuno kuchokera kunja. Ili ndi mamota awiri oyendetsa matayala akuluakulu akumbuyo, timatayala tiwiri takutsogolo totembenukira mbali zonse, mabatire awiri a 12V olumikizidwa kuti apereke 24V, ndiponso kandodo kowongolera kamene kali poika mkono. Ndimayenda nayo pakati pa kunyumba, kuntchito ndi kumsika wa pa Chitakale. Ndi chipangizo chabwino ndithu, koma amene anachipanga ankaganizira misewu yosalala, nyengo youma ndi magetsi osazima, ndipo wogula wa kuno ayenera kudziwa zimenezi asanatulutse ndalama.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti munthu amene manja ake alibe mphamvu zopalasa wilitcheya wamba amatha kutuluka pa nthawi imene wafuna, popanda kudikira mwana kuti aweruke kusukulu adzamukankhe. Pa tala wa msewu wa M2 imayenda mwakachetechete pa liwiro la munthu woyenda ndawala, pafupifupi makilomita 6 pa ola. Mabuleki ake ndimawayamikira kwambiri, chifukwa amadzigwira okha ukangosiya kandodo kaja, ndipo ngakhale pamtsetse wilitcheya imaima pomwepo osatsetsereka.

Nkhani yovuta ili pa mabatire. Ogulitsa amatchula mtunda wautali umene wilitcheya ingayende ikadzaza, koma mtundawo amaupima pamalo athyathyathya, pamene kuno zitunda ndi matope zimachititsa kuti moto uthe msanga kwambiri. Mabatire a mtundu umenewu amafuna kutchajidwa usiku uliwonse kwa maola pafupifupi 8, ndipo amawonongeka akamatheratu moto kawirikawiri kapena akakhala masiku ali opanda moto. Magetsi akazima usiku, ulendo wa mawa lake umafupika kapena umalephereka. Amene tinali kuno m'mwezi wa Marichi 2023 tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anagwetsera mapolo ndi kudula misewu, ndipo pa nthawi ngati imeneyo wilitcheya yamagetsi imasanduka mpando wamba wolemera. Amene angakwanitse aike sola yokhala ndi inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a sola kukhala ngati a m'nyumba) yoti chaja izilumikizidwapo, komanso agule kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, pakuti chaja imapsa mosavuta magetsi akamabwerera kapena kukachita mphenzi.

Ngakhale asamalidwe bwino, mabatirewa amatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ayenera kusinthidwa onse awiri nthawi imodzi, chifukwa yakale imafooketsa yatsopano. Pali amakaniko ena a zolinga zabwino amene amalangiza kuika mabatire a galimoto poti ndi osavuta kupeza. Malangizo amenewo ndi olakwika: batire ya galimoto anaipangira kupereka mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa poliza injini, siichedwa kufa ikamagwiritsidwa ntchito tsiku lonse, ndipo asidi wake angatayikire pansi pa munthu amene mwina samva kupweteka m'miyendo. Ofunika ndi mabatire otsekeratu osataya asidi, a mitundu yotchedwa gel kapena AGM, a kukula kofanana ndi amene anabwera ndi wilitcheyayo.

Mvula ndi mdani wachiwiri. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa zinthu pang'onopang'ono tsiku lonse. Kandodo kowongolera kakalowa madzi, wilitcheya imakana kuyaka kapena imayamba kudukizadukiza, ndipo chida chimenechi sichipezeka m'masitolo a kuno. Ine ndimakaphimba ndi jumbo yowonekera mkati nthawi iliyonse kunja kukachita mitambo. Pa msewu wa dothi lofiira, timatayala takutsogolo timamira m'matope, ndipo timatayala tina tating'ono takumbuyo, toteteza kuti munthu asagwe chagada, timakola m'mphepete mwa ngalande n'kusiya matayala akuluakulu akuzungulira m'malere. Pamenepo pamafunika munthu woti atembenuze timipini tomasula mamota kuti akankhe, ndipo ayenera kuuzidwa kuti timipinito timamasulanso mabuleki, motero sitiyenera kukhudzidwa pamtsetse.

Chisamaliro cha mlungu ndi mlungu si chovuta. Kuchotsa ulusi, tsitsi ndi matope zimene zimakulungika pa timatayala takutsogolo, kumanga mabawuti omasuka, kupukuta ndi kansalu konyowa m'malo mothira madzi, ndi kuona ngati makoswe sanadye mawaya, zonsezi wokonza njinga zakapalasa aliyense angathandize. Koma vuto likakhala la mota kapena la kabokosi ka magetsi, sipeya imachita kuitanitsidwa kunja, ndipo kudikira kwake kumatenga nthawi yaitali.

Khushoni imene inabwera ndi wilitcheyayi ndi yopyapyala mosayenera kwa munthu wokhalapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zilonda zobwera chifukwa chokhala malo amodzi zimachedwa kupola ndipo zimatha kupha, choncho ndi bwino kuonana ndi a fiziyo (akatswiri othandiza anthu a vuto la ziwalo), monga a ku chipatala cha Kachere ku Blantyre, kuti ayeze thupi ndi kulangiza khushoni yoyenera.

Kulemera kwake nakonso kumachepetsa maulendo. Siipindika, siilowa m'minibasi, ndipo kuikweza pa pikapu kumafuna amuna angapo amphamvu. Ulendo wa ku Limbe kapena ku Muloza ndimayendabe ndi wilitcheya yopalasa yopindika, ndipo amene akugula yamagetsi asataye kapena kugulitsa yakale. Asanalipire afunsenso wogulitsa kuti mabatire anapangidwa liti, chifukwa ena amafika atakhala kale nthawi yaitali mosungira katundu osatchajidwa.