Mwana wazaka 4 pa sinowo: ESF ya ku France, sukulu za ku Austria, kapena kaphiri ka m'nyumba?

Holide ya February ikamayandikira, makolo a ku UK amene ana awo amva za ski (masewera otsetsereka pa sinowo) kwa anzawo kusukulu amabwera ndi funso lomwe lija: mwana wazaka 4 kapena 5 timulembetse kuti? Ambiri amatsegula intaneti, kuika mitengo pambalipambali, n'kusankha wotsika. Koma mtengo umene mukuwonawo kawirikawiri ndi wa mphunzitsi yekha, ndipo chimene chimasiyanitsa sukuluzi kwenikweni ndi maola amene zimakhala ndi mwanayo komanso amene amamusunga ikakwana 12 koloko.

Tiyambe ndi ya majekete ofiira, École du Ski Français, imene aliyense amangoti ESF. Inayamba mu 1945 ndipo pafupifupi paliponse pamene pali ski ku France muipeza. Ana oyambira zaka 3 amawaika mu Club Piou-Piou, kabwalo kotchingidwa ndi mpanda, kotsetsereka pang'ono chabe, kokhala ndi zidole komanso lamba woyenda yekha amene amakweza mwana ali chiimire. Maphunziro amayamba Lamlungu kapena Lolemba n'kutha Lachisanu, maola 2 kapena 2 ndi theka patsiku. Tsiku loyamba musayembekezere kuwona mwana akutsika phiri. Amayamba ndi kuyenda atavala ski imodzi, kenako ziwiri, kenako kugwa ndi kudzuka yekha, chimene chimatenga nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Chapakati pa sabata amaphunzira kusonkhanitsa nsonga za maski kutsogolo n'kutambasula zidendene kuti aime. Afalansa amati chasse-neige, ana amangoti pizza. Wazaka 3 nthawi zambiri amafika Lachisanu akungotsetsereka molunjika basi, chifukwa timiyendo take sitinakhwime moti n'kukankha mabuti olemera aja kwa nthawi yaitali. Si ulesi, ndipo si kuti mphunzitsi walephera. Wazaka 5 amatha kuphunzira m'masiku atatu zimene wazaka 3 amalimbana nazo sabata yonse.

Ubwino wa ESF ndi makwerero ake odziwika bwino: Piou-Piou, Ourson, Flocon, kenako nyenyezi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mwana akapata Ourson ku malo a ski a La Plagne, chaka chamawa ku malo ena ngati Les Gets mungotchula dzinalo ndipo adziwa gulu lomuika. Kuipa kwake ndi kuchuluka kwa ana. Mu February, pamene tchuthi cha ku UK chimakumana ndi cha sukulu za ku France, gulu limodzi likhoza kufika ana 10 kapena 12. Werengani nokha: mphunzitsi mmodzi, ana 12, wina wataya golovesi, wina akufuna kuchimbudzi atavala zovala zitatu zosanjikiza, wina akulira amayi ake. Nthawi yeniyeni yotsetsereka imatsala yochepa. Chinanso, ngati ana 9 mwa 12 akulankhula Chifalansa, malangizo amaperekedwa m'Chifalansa ndipo wanuyo amangomva mawu awiri a Chingerezi kumapeto. Nthambi iliyonse ya ESF imadziyendetsa yokha, choncho musadalire zimene mnzanu anawona kwina. Lemberani nthambi yeniyeniyo, mufunse chiwerengero chachikulu cha ana pagulu komanso ngati pali gulu la olankhula Chingerezi sabata imeneyo.

Palinso sukulu zing'onozing'ono pamapiri omwewo: ESI ya majekete a buluu, Oxygène, Evolution 2, ndi New Generation imene inayambitsidwa ndi aphunzitsi a ku Britain. Izi zimadzigulitsa ndi magulu ang'onoang'ono, nthawi zambiri ana 6 mpaka 8, ndipo n'zodulirapo. Kwa mwana wamanyazi ndalama yowonjezerayo si yotaya. Koma funsani chinthu chimodzi musanalipire: kodi ali ndi kabwalo kawokawo ndi kanyumba kotenthera komwe kali ndi chimbudzi pafupi? Pamapiri ambiri malo abwino a ana ali m'manja mwa ESF, ndipo sukulu yopanda kanyumba imakhala ndi mwana panja maola onsewo ngakhale kuzizire bwanji.

Tsopano nkhani yowawa ija, ya masana.

Kosi ya m'mawa ku France imayamba cha m'ma 9 koloko n'kutha 11:30 kapena 12. Nthawi imeneyo inu muyenera kukhala mutaima pampanda, chifukwa mwana sapatsidwa kwa munthu wina ndipo mphunzitsi ali ndi wophunzira wina amene akumudikira. Ngati nanunso mukuphunzira, mupeza kuti kalasi yanu imayamba nthawi yomweyo ndi ya mwana koma pamalo ena, ndipo imathanso nthawi yomweyo. Kuthamanga mutavala mabuti a ski, maski ali paphewa, pa msewu woterera, si masewera. Ngati mumadziwa kale kutsetsereka, zikutanthauza kuti mwalipira tikiti ya tsiku lonse ya malifiti okweza anthu paphiri koma mukuigwiritsa ntchito maola awiri, osapita patali poopa kuchedwa. Njira yothetsera vutoli ilipo: nthambi zambiri zimagulitsa phukusi lophatikiza phunziro, chakudya chamasana ndi kusunga mwana mpaka madzulo. Koma silikhala pamtengo uja munawona poyamba. Pamalo ena limakweza bilu kufika pafupifupi kawiri, malo ake ndi ochepa, ndipo a February amatha kudzaza miyezi ingapo nthawi isanakwane. Amene amazindikira izi atafika kale kuphiri amapeza zitseko zonse zotseka. Chodabwitsa n'chakuti tsamba lolembetserapo silibisa kanthu, zonse zinalembedwa, kungoti zili pansi pomwe munthu wothamangira mtengo safika.

Apa ndi pomwe Austria imapambana, ndipo sindibisa kuti mtima wanga uli kumeneko. Kosi wamba ya ana kumeneko ndi ya tsiku lonse: maola awiri m'mawa, kawirikawiri 10 mpaka 12, kupuma, kenako maola ena awiri masana. Pakatipo pali chimene amati Mittagsbetreuung, ana amadya limodzi ndi aphunzitsi m'chipinda chawo. Nachonso n'cholipira padera, musanamizidwe, koma amawerengera patsiku, ndipo m'sukulu zambiri mungathe kugula masiku okhawo amene mukufuna. Kuyamba 10 koloko kumathandizanso: aliyense amene anavekapo mwana wazaka 4 zovala za pa sinowo adziwa kuti ola limodzi ilo ndi mphatso. Serfaus-Fiss-Ladis ku Tyrol inamangira mbiri yake yonse pa ana, ili ndi mabwalo aakulu ophunzirira ndi malo odyera a ana okhaokha. Chakumapeto kwa sabata kumakhala kampikisano, ana amavala manambala pachifuwa, makolo akukuwa m'mbali. Kuipa kwa dongosololi n'kwakuti maola 4 ndi ambiri kwa mwana wosakwana zaka 4. Lachitatu, lomwe ndi tsiku limene ana ambiri amatopa ndi kukana mabuti, limakhala lovuta kwambiri. Wotereyu mulembetseni theka la tsiku.

Ku Switzerland, ndi kalulu wawo wachidole Snowli, amaphunzitsa bwino. Vuto ndi thumba basi.

Mphunzitsi wapayekha ndi mankhwala a mwana amene gulu lamukanika, si poyambira. Ola limodzi kapena limodzi ndi theka n'lokwanira, kupitirira apo mukulipira kuti mwana adye bisiketi. Dziwaninso kuti m'sabata zodzaza aphunzitsi amakhala ndi magulu m'mawa ndi madzulo, ndiye nthawi yotsala ndi yapakati pa 12 ndi 2 koloko, yomwe mwana amakhala ndi njala ndi tulo.

Zolipira zina n'zofanana kulikonse. Maski, mabuti ndi chisoti mumabwereka kushopu, osati kusukulu, ndipo pitani madzulo a tsiku lofika chifukwa m'mawa wa tsiku loyamba mzera wake ndi wotopetsa. Mu Piou-Piou tikiti ya malifiti nthawi zambiri safuna, koma mwana akangokwera gulu n'kutuluka kumpanda imafunika. Ku Les 3 Vallées, malo aakulu a ski ku France, ana osakwana zaka 5 salipira, komabe khadi lake muyenera kukatenga kuofesi mutanyamula pasipoti yosonyeza zaka. Mendulo imene ana amalandira Lachisanu pomaliza maphunziro pamalo ena ili m'kati mwa mtengo, pena mumagula padera ndi mayuro angapo, ndipo palibe kholo limene lingakane mwana akuwona anzake atavala. Chachikulu ndi inshuwalansi. Amene akuyenda ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia amagula inshuwalansi ya viza ya Schengen n'kuganiza kuti zatha, koma yambiri yotereyi siphimba masewera a pa sinowo pokhapokha mutawonjezera. Ku France kutsitsa munthu wovulala paphiri n'kolipira, mayuro mazanamazana, ndipo khadi la GHIC, lija anthu a ku UK amalandirira chithandizo cha kuchipatala ku Ulaya, silithandiza pamenepo. M'dera la Savoie ku France amagulitsa inshuwalansi yotchedwa Carré Neige limodzi ndi tikiti ya malifiti, mayuro ochepa patsiku. Musaidumphe.

Chinthu china chimene chimadzidzimutsa makolo: ku France mwana wosakwana 1.25 m sakwera lifiti ya mipando yekha. Mphunzitsi sangakhale ndi ana onse, ndiye amapempha akuluakulu amene ali pamzera kuti aliyense atengeko mmodzi. Ndi mwambo wa kumeneko. Muuzeni mwana pasadakhale kuti akhale mpaka kumbuyo kwa mpando ndipo asawerame kuyang'ana pansi.

Nanga kaphiri ka m'nyumba, kaja kochita kumanga m'kati mwa chinyumba chachikulu ku UK konko? The Snow Centre ku Hemel Hempstead ili ndi malo otsetsereka a mamita 160, SnowDome ku Tamworth 170, ndipo Snozone ili ku Milton Keynes ndi Castleford. Sinowo wake ndi weniweni, wopangidwa ndi makina. Kumeneko maski, mabuti ndi chisoti zimakhala m'kati mwa mtengo wa phunziro, inu mumangobwera ndi magolovesi ndi zovala. Palibe mapiri okongola, phokoso lake lili ngati la mufiriji yaikulu, koma maphunziro atatu kapena anayi a ola limodzi amachotsa masiku awiri oyamba aja amene mukanawalipira pamtengo wa ku mapiri a Alps ku France kapena Austria. Koposa zonse mudziwa ngati mwanayo akuzifuna musanagule matikiti a ndege. Amene ali ku South Africa, chofanana nacho, ngakhale chili panja, ndi Afriski ku Lesotho, m'mapiri a Maluti, yomwe imatsegula June mpaka August ndipo imadalira kwambiri sinowo wa makina. Koma ili pamtunda wa mamita oposa 3,000, ofanana ndi nsonga ya Sapitwa. Mwana wochokera ku Durban kapena Cape Town akhoza kumva mutu, kukana chakudya ndi kugona movutika usiku woyamba, choncho musaike phunziro pa tsiku lofika, ndipo amwe madzi ambiri.

Sukulu iliyonse imene musankhe, ana ambiri amene amalira salira chifukwa cha phunziro koma mapazi ndi manja. Sokosi ikhale imodzi, yaitali, yopanda makwinya. Ziwiri zimapanikiza magazi ndipo phazi limazizira msanga. M'buti musalowe china chilichonse kupatula sokosiyo, thalauza lamkati lithere pamwamba. Mabuti amawayeza ndi masentimita a phazi, musatenge aakulu poti akula nawo. Maski a woyamba kumene afike pakati pa chifuwa ndi chibwano, ndipo ndodo sizifunika. Magolovesi akhale aja osagawa zala, mutenge mapeya awiri chifukwa oyamba amanyowa pofika masana. Kwa atsikana, ganizirani za tsitsi musananyamuke: mikanda, mfundo zazikulu kapena malukidwe otukuka pamwamba amapangitsa chisoti kukhala m'mwamba, chipumi chili poyera, komanso amabaya mutu. Malukidwe ogona opita kumbuyo ndiwo amayenda, ndipo chisoti chiyezedwe tsitsi litalukidwa kale. Mafuta oteteza kudzuwa apakeni ngakhale khungu ndi lakuda, limodzi ndi a pamilomo, poti sinowo amabweza kuwala kumaso. M'thumba la jekete muike kapepala ka nambala yanu ya foni, tishu ndi kachakudya kosauma gwa ndi kuzizira. Sukulu zambiri sizilandira mwana wovala thewera. Mukamupereka kwa mphunzitsi tsanzikani kamodzi n'kuchoka, chifukwa mwana amene akuwona amayi ake pampanda sasiya kulira.

Ndiye ine ndingasankhe chiyani? Wazaka 3 ndingamusiye m'nyumba zija kapena kumugulira kasileji kokhalapo potsetsereka pa sinowo, ndalama ya ku Alps idikire chaka chamawa. Wazaka 4 kapena 5 ayambe ndi maphunziro atatu ku Hemel Hempstead kapena Tamworth, kenako Austria ndi chakudya chamasana cholipiriratu. ESF ndingaitenge mu January kapena pakati pa March pamene magulu achepa, m'mawa, ndipo mu February pokhapokha nditalandira imelo yotsimikiza malo a masana ndi chiwerengero cha ana pagulu ndisanalipire hotela.