Jenereta yoyendera gasi: zimene ndaona kwa chaka chathunthu ku Ngabu

Chimene chinandichititsa kugula jenereta yoyendera gasi komanso petulo ndi nsomba. Mu golosale yanga muli mafiriji awiri, ndipo mwezi wa Okutobala, kutentha kwa m'chigwa muno kukamadutsa madigiri 40, magetsi akangothima theka la tsiku milamba ndi makakana zochokera kwa asodzi a ku Elephant Marsh zimayamba fungo. Phunziro ndinalitenga mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Ubwino wake sindingaubise. Ngakhale itakhala milungu itatu osalira, ndikatsegula silinda n'kukoka chingwe kamodzi kapena kawiri imadzuka, chifukwa gasi sasiya litsiro m'kabuleta monga amachitira petulo wokhalitsa. Utsi wake ndi wochepa, oyilo amachedwa kuda, ndipo pamene anzanga amagona pamzere ndi zigubu kudikira petulo, ine ndinkangosintha silinda. Komabe ndimaiika panja, pansi pa chisakasa, pakuti utsi wa injini iliyonse umapha m'chipinda chotseka ngakhale sukuoneka. Mphamvu yake pa gasi imatsikako pang'ono poyerekeza ndi pa petulo, moti mafiriji onse awiri akadzukira limodzi injini imabuula, mababu n'kuphethira, ndiye ndinazolowera kuyatsa imodzi kaye, ina pambuyo pake.

Chinandikhumudwitsa ndi wogulitsa uja, amene anandiuza kuti makinawa amayendera gasi yemweyo amene mayiko ena amapangira magetsi. Si zoona. Wa m'silinda ndi LPG, gasi wophikira uja amene amapanikizidwa mpaka kukhala ngati madzi, pamene malo akuluakulu opangira magetsi amawotcha gasi wachilengedwe, wochokera pansi pa nthaka, amene amayenda m'mapaipi n'kukazunguza makina aakulu. Anzathu a ku Mozambique amamutulutsa ku Pande ndi ku Temane m'chigawo cha Inhambane, ndipo ku Ressano Garcia ali ndi malo opangira magetsi ndi gasi ameneyu, monganso a ku Tanzania amachitira ku Kinyerezi, mumzinda wa Dar es Salaam. Phindu la malo otere ndi lakuti sadikira mvula, sasamala za matope kapena zinyalala za m'mtsinje, ndipo amatha kuwonjezera mphamvu msanga madzulo, pamene aliyense wayatsa magetsi ndipo makina a dzuwa a ku Salima ayamba kugona. Ife magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho ndimayembekezera ndi mtima wonse chingwe chobweretsa magetsi a ku Mozambique, cholumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka.

Vuto lalikulu la jenereta yanga ndi gwero la gasiyo. Silinda ya makilogalamu 9 imatha pa tsiku limodzi la ntchito, ndipo gasi akasowa pafupi ndimatumiza silinda pa minibasi kukwera phiri mpaka ku Blantyre, ndalama ya thiransipoti n'kudya phindu la nsomba. Wokhala ndi firiji ya malonda ndingamulimbikitse kuigula, koma ayambe wafufuza kumene azikadzazitsa gasi, agule masilinda awiri, ndipo paipi ndi regyuleta aziziyesa ndi thovu la sopo nthawi iliyonse akasintha silinda.