Chida cholembera ndemanga pa webusaiti: chandipepuzira ntchito, koma mafunso ndimafunsa ndekha

Ndimakonza mawebusaiti a mabungwe ang'onoang'ono ndi a anthu amalonda, ndipo kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito chida chimene chimalola kasitomala kulemba maganizo ake patsamba lenilenilo. Ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Ndimatumizira kasitomala linki ya tsamba lomwe ndikukonza. Iye amangodina pamene pakumuvuta, kaya ndi batani, chithunzi kapena mutu wa nkhani, n'kulemba mawu ake pompo. Chidachi chimajambula tsambalo monga momwe iye akulionera, n'kusunganso dzina la browser yake (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti) ndi kukula kwa sikirini yake. Apa ndiye chinandigwira mtima. Kale munthu ankangoti "batani lotumizira fomu silikuoneka," ine ndikatsegula pa kompyuta yanga n'kulipeza lili pamalo pake bwinobwino. Tinkatha nthawi tikufunsana. Pano ndimangoona pachithunzi chija kuti mnzangayo ali pa foni yaing'ono, ndipo chithunzi chapamwamba chakankhira batanilo pansi kwenikweni. Ndimakonza nthawi yomweyo.

Ndemanga iliyonse imasanduka kantchito kapayekha. Nditha kuipatsa mnzanga wolemba code (malangizo a kompyuta oyendetsa tsambalo), kuika chizindikiro choti ikukonzedwa, kapena kuitseka ikatha. Maganizo amene ankabalalika, ena pa WhatsApp, ena pa imelo, ena pakamwa pamsonkhano, pano ali pamodzi.

Koma musayembekezere kuti chidachi chikupatsani maganizo othandiza pachokha. Mukangotumiza linki n'kunena kuti "onani, mukuti bwanji?", mayankho ake amakhala akuti "zili bwino," "muzikongoletseko pang'ono," kapena "mtundu uwu sukundisangalatsa." Mawu otere sungagwire nawo ntchito. Ine ndimayamba ndalemba ndekha ndemanga yoyamba pamwamba pa tsamba, yokhala ndi ntchito yoti munthuyo achite: "Pezani nambala ya foni ya ofesi," kapena "Yesani kulembetsa dzina lanu pafomu, ndipo pamene mwakayikira dinani pomwepo mundiuze." Mayankho amasintha ndithu. Wina amalemba kuti anafunafuna nambalayo m'munsi mwa tsamba osaipeza, wina kuti fomu inakana popanda kumuuza chomwe walakwitsa. Zimenezo ndiye zoti munthu n'kukonza.

Chandithandizanso pa mikangano ya maonekedwe. Kasitomala wina ankafunitsitsa zilembo zotuwa pang'ono pamalo oyera, chifukwa kwa iye zinkaoneka zapamwamba. Pansi pa ndemanga yake ndinayankha kuti malangizo a WCAG, othandiza kuti mawebusaiti azigwiritsidwa ntchito ndi aliyense kuphatikizapo olumala, omwe amatulutsidwa ndi W3C, bungwe loika miyezo ya mawebusaiti, amafuna kuti kusiyana kwa mtundu wa zilembo wamba ndi mtundu wakumbuyo kwake kufike pa 4.5:1, ndipo pa zilembo zikuluzikulu 3:1, kuti ngakhale amene saona bwino athe kuwerenga. Zilembo zakezo sizinkafikapo. Anavomera, ndipo yankholo likadali pomwepo, moti aliyense wa kuofesi kwawo akadzafunsanso adzangowerenga yekha. Nkhani imeneyi ndimaitenga mozama, chifukwa tsamba lokongola lomwe agogo sangathe kuliwerenga pa foni padzuwa ndi ntchito yosamalizidwa.

Chinanso, mwini webusaiti amaidziwa kale ngati m'nyumba mwake, sangasochere. Amene amasochera ndi alendo. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu okha kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito ka webusaiti, ndipo anati ndi bwino kuyesa kangapo ndi timagulu tating'ono kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi chikhamu. Chidachi chimalola mlendo kulemba popanda kutsegula akaunti, choncho ndimatumiza linki kwa anthu ochepa amene sanalionepo tsambalo. Komabe mpata ukapezeka ndimakonda kukhala pambali pa munthuyo, ndili chete, n'kumaona pamene chala chake chaima. Zambiri zomwe zimamuvuta salemba, mwina chifukwa cha manyazi, poganiza kuti wolephera ndi iyeyo.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa izi. Ndemanga iliyonse imabwera ndi imelo yakeyake, ndiye tsiku limene makasitomala achangamuka bokosi limadzaza. Pa foni, kachizindikiro ka ndemanga nthawi zina kamakhala pambali pa chinthu chomwe munthu amaloza. Ndipo ndikasintha kayalidwe ka tsamba, ndemanga zakale zimatsala zikulendewera pamalo opanda kanthu.

Vuto lalikulu ndi la mabungwe okhala ndi anthu ambiri. Wina akuti chizindikiro cha bungwe chikule, wina akuti chichepe, ndipo ndemanga zonse zimaoneka zolemera mofanana. Palibe njira yosonyezera amene ali ndi mawu omaliza. Choncho tisanayambe timagwirizana munthu mmodzi woti aziweruza, komanso tsiku lotsekera kulandira maganizo. Ndikanakonda okonza chidachi ataikamo zinthu ziwirizi, kuti ndisamachite kuzilemba padera mu imelo.