Ulendo wa paboti ku Nkhata Bay ndi wokoma, koma liyang'anitsitseni botilo musanakwere

Anthu ambiri a mu Mzuzu nyanja amaidziwira pamchenga pokha. Amatsika Loweruka, kukakhala ku Chikale, kudya batala wowotcha, kunyowetsa miyendo, dzuwa likapendeka n'kubwerera kumtunda. Chonsecho kukongola kwa Nkhata Bay kumaoneka bwino munthu ukakhala pamadzi n'kucheukira kumtunda: mapiri obiriwira otsetserekera m'nyanja, nyumba zokhala ngati zakoloweka pamatanthwe, ndi doko lobisala pakati pa timagombe take.

Ulendo umene tikuunika pano ndi wa maola awiri kapena atatu, womwe eni maboti a injini komanso malo ena ogona alendo amakonza. Amakuzungulitsani padoko, amadyetsa nkhwazi mukuona, mumasambira pamiyala pamene pali tinsomba totchedwa mbuna, ndipo nthawi zina amakutsitsani pagombe la asodzi. Ife tikuti ndalama yake siyotaya. Kungoti maboti si ofanana, ndipo kuti ulendo ukome kapena uwawe zimadalira zimene mwagwirizana muli pamtunda.

Kufikako n'kosavuta. Ndi makilomita osakwana 50 pamsewu wa M5 kudzera pa Mpamba, pafupifupi ola limodzi pa minibasi kapena Sienta. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 pomwe nyanja ili pamamita osakwana 500, ndiye juzi imene munavala potuluka m'nyumba mudzaivula musanafike. Nyamukani m'mamawa kuti 8 koloko ikupezeni muli m'boti. Kawirikawiri m'mawa nyanja imakhala bata, mphepo imadzakula dzuwa likamakwera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera kuchokera kummwera chakummawa, ndipo ukakwiya umatha masiku angapo osaleka. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto ndi mkuntho wamvula umene sumachenjeza. Okutobala ndi Novembala kumatentha zedi, koma madzi amakhala ofunda ndi oyera bwino. Dziwaninso kuti gombe la kuno si ngati la ku Senga Bay kumene munthu amayenda kamtunda madzi ali m'chiuno. Kuno pansi pamatsetsereka msanga, ndipo malo ozama koposa m'nyanja yonseyi, pafupifupi mamita 700, ali chakumpoto komweku. Woyendetsa boti akakuuzani kuti lero nyanja siili bwino, musamukakamize ngakhale mutakhala kuti mwawononga kale ya thiransipoti. Ameneyo ndiye wodziwa ntchito.

Mbali imene eni maboti ambiri amaperewera ndi chitetezo, ndipo apa tichedwapo. Musanapereke ndalama iliyonse funsani mwaulemu koma mosazengereza: “Achimwene, majekete opulumutsira alipo angati? Tingawaone?” Awerengeni nokha. Pafunika jekete imodzi pa munthu aliyense, kuphatikizapo ana, ndipo ya mwana ikhale ya msinkhu wake chifukwa ya wamkulu imavuka yokha mwana akangogwera m'madzi. Mukavala mangani malamba onse, wina akukokeni jeketeyo cham'mapewa. Ikakwera mpaka m'makutu ndiye kuti yakula kapena simunamange. Zambiri zimakhala zoti zinapsa ndi dzuwa, zomangira zinathyoka, siponji ya mkati inaphwatalala chifukwa anthu amazikhalira ngati mitsamiro. Yotereyo ikaneni. Ndipo ivaleni boti lisananyamuke, chifukwa boti likamatembenuzika palibe amene amapeza mpata wopisa dzanja pansi pa benchi.

Kenako suzumirani m'botimo. Mukhale nkhafi zosachepera ziwiri, nangula ndi chingwe chake, ndi chigubu chodula chokapira madzi. Timadzi pang'ono pansi pa boti lamatabwa si nkhani, koma ngati mnyamata akukapa mosalekeza boti lidakali pagombe, likuchucha. Injini ikalira yang'anani kumbuyo kwake: pamayenera kumatuluka kamadzi kowonda kothamanga, kamene ena amati injini ikukodza. Ndi madzi oziziritsa injini amenewo. Akapanda kutuluka ndiye kuti kapampu ka mkati katha kapena kabowo katsekeka ndi mchenga, ndipo injiniyo idzatentha n'kuzima muli pakati pa nyanja. Chinanso chimene chimazimitsa injini kawirikawiri ndi petulo wolowa madzi kapena wosakanizidwa molakwika ndi oyilo. Injini zambiri za two-stroke zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza theka la lita m'thanki ya malita 25. Oyilo akachuluka mapulagi amada n'kukana kuyaka, akachepa injini imadyeka. Woyendetsa wosamala amayenda ndi pulagi yapadera ndi sipanala yake m'kachitini.

Za chiwerengero cha anthu musanyengereredwe. Anthu onse akakhala pansi, m'mphepete mwa boti muyenera kutsala mpata wooneka pamwamba pa madzi. Ngozi ya ku Mlowe m'boma la Rumphi pa Isitala ya 2017, pamene boti lodzadza ndi anthu ochokera kumapemphero linatembenuzika, anthu a kumpoto kuno sanaiiwale. Magulu a kumpingo, a sukulu ndi a kuntchito ndi amene amakonda kupanikizana kuti asonkhe yochepa. Gawanani maulendo awiri.

Mtengo ndi wokambirana, ndipo umayendera petulo. Injini ya mphamvu ya 15 hp (horsepower) ikamathamanga kwambiri imamwa malita 6 kapena 7 pa ola, ya 40 hp imatha kufika malita 20. Mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, wa m'zigubu amakwera mtengo, ulendonso umakwera. Funsani ngati mtengo umene akutchula ndi wa boti lonse kapena wa munthu mmodzi, ngati nsomba za nkhwazi ndi magalasi osambirira zili momwemo, ndiponso muima malo angati kwa nthawi yaitali bwanji. Madandaulo ambiri amachokera pamenepa: anthu amamva maola atatu, boti n'kubwerera litangotha ola ndi theka poti mafuta achepa. Perekani gawo logulira mafuta, onani thanki ikudzadzidwa, yotsalayo mudzamalize pobwera, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Lankhulani ndi mwini boti kapena woyendetsa weniweni, chifukwa anyamata ena amene amakuchingamirani potsika galimoto ndi ongokokera makasitomala, ndipo yawo amaiika pamwamba.

Mukanyamuka, chimene chimasangalatsa aliyense, mwana ndi gogo yemwe, ndi nkhwazi. Woyendetsa amachepetsa injini pafupi ndi mitengo italiitali ya m'mbali mwa matanthwe. Amatenga kansomba, n'kukalasa kabango kuchokera kukamwa kuti kasamire, amaimba likhweru akukagwedeza m'mwamba, kenako n'kukaponya kutali ndi boti. Poyamba pamakhala zii. Ndiye mumaona kadontho koyera kakuchoka panthambi, mapiko otambalala pafupifupi mamita awiri, mbalame ikutsika chopendekera, miyendo n'kuitambasulira kutsogolo, zikhadabo n'kukhwaphula nsomba ija madzi n'kungoti thapwi, basi yapita. Zonsezi zimatenga masekondi owerengeka, choncho foni ikhale pa vidiyo nsomba isanaponyedwe. Ndi mbalame yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, ndipo kulira kwake itaweramitsira mutu kumbuyo kumamveka patali. M'mawa imabwera msanga chifukwa imakhala ndi njala. Maboti angapo akadutsapo kale imangokuyang'anani ili phee, ndipo apo musamunene woyendetsa.

Posambira amakuimitsani pamiyala, kwawo kwa mbuna. Dzinali ndi la Chitonga, chinenero cha eni dera lino. Ndi tinsomba tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere timene timadya ndere za pamiyala, ndipo taikazi timasunga mazira ndi ana m'kamwa. Mukayandama osaphiriphitha timabwera mpaka pamphuno. Magalasi obwereka ambiri amalowa madzi chifukwa mphira wake unauma. Ayeseni muli m'boti: aikeni kumaso osamanga lamba, kokani mpweya ndi mphuno, akakakamira okha ndiye ali bwino. Kuti asachite nthunzi pakani malovu mkati n'kutsukuluza pang'ono. Wosatha kusambira alowe atavala jekete ndipo agwire chingwe cha boti. Pena amakuonetsani thanthwe lodumphirapo. Lolani mwini malo adumphe kaye, chifukwa madzi a nyanjayi amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, monga tinaonera mu 2024 pamene magombe ambiri anamira, ndipo mwala umene unali pansi chaka chatha chaka chino ukhoza kukhala pafupi. Pewani kusamba m'mabango ndi pamene mitsinje imathirira m'nyanja, chifukwa ndi kumene kumakonda ng'ona ndi nkhono zofalitsa likodzo. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amagwira bwino patatha masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku limene munalowa m'madzi, ndiye kumwa mawa lake n'kosathandiza.

Chimene chimatikhumudwitsa n'chakuti oyendetsa ambiri safotokozera alendo a konkuno zimene akuona. Mzungu amamuuza zonse, Mmalawi mnzawo amangomuyendetsa poganiza kuti akudziwa kale. Chonsecho padokoli pali mbiri yolemera. Pa 3 Malichi 1959 anthu osachepera 20 anawomberedwa pano ndi asilikali a boma la atsamunda pamene anasonkhana kufuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo ndi tsiku lomwelo limene timakumbukira chaka chilichonse. Mukachita mwayi mudzapeza Ilala itaima, sitima yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera m'zidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Kuizungulira pakaboti kakang'ono, anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi Usisya akukweza matumba a ufa, malata ndi njinga, n'kosangalatsa kuposa kuionera pamtunda. Ndondomeko yake imasinthasintha, ndiye funsani kudoko ngati mukufuna kuti tsiku lanu ligwirizane nayo. Mukaona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa nyanja, si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a m'mphepete muno amagwira n'kupanga ndiwo. Funsani mafunso. Ambiri mwa anyamatawa anakulira m'bwato ndipo mukawayamba amakamba zambiri.

Maboti ambiri alibe denga la lona, ndiye tengani chipewa, malaya a manja aatali ndi madzi akumwa lita imodzi pa munthu. Foni ndi ndalama zikhale m'jumbo yomanga bwino. Amene amachita nseru akhale chapakati pa boti, maso ali kumapiri, asadye zamafuta asanakwere. Mowa udikire mpaka mutatsika, ndipo woyendetsa akamanunkha mowa fufuzani boti lina. Chimbudzi m'botimo mulibe, ana apite muli kumtunda. Mukanyamuka 8 koloko, pofika 11 mumakhala mwatsika, nthawi yabwino yoitanitsa kondowole ndi batala musanakwere phiri kubwerera ku Mzuzu kusanade.