Patitaimu ya masamu kwa madamu aku Chibavi

Amene muli ndi ana a sitandade 2 kapena 3 kuno ku Mzuzu ndipo samu zochotsera zikuwazunza, ku Chibavi kuli madamu ena opuma pa uphunzitsi amaphunzitsa masana pakhonde pawo, wanga ndimamutumiza konko ndipo kunena zoona mayi awa ntchito amaidziwa.

Safuna mwana azingodalira zala ndi zitsekerero za mabotolo mpaka kalekale. Amayamba nazo inde koma kenako amazibisa kuti mutu ugwire ntchito. Choyamba manambala opanga 10 alowe kaye, 7 ndi 3, 6 ndi 4, 8 ndi 2, mpaka mwana aziyankha osaganiza kawiri. Ndiye 13 kuchotsa 5 sawerenganso chobwerera m'mbuyo ayi, amachotsa 3 kufika pa 10, kenako 2 yotsala ija, yankho 8.

Pomwe anandigometsa ndi pa 52 kuchotsa 38. Ana ambiri apa amalemba 26, akaona 2 pamwamba 8 pansi amangotembenuza n'kuchotsa 2 pa 8 chifukwa zobwereka zija sizinawalowe. Madamu amati yambira pa 38 uzikwera, 2 wafika 40, 10 wafika 50, 2 inanso wafika 52, zonse pamodzi 14, monga mmene amayi a tomato mumsika amabwezera chenji, ndipo amaseweradi zagolosale ndi timapepala tolembapo ndalama, wina wagula za K650 wapereka K1,000 mnzake apeze K350 popanda pensulo. Ina ndi ya 63 kuchotsa 19, chotsa 20 ubwezepo 1, basi 44. Ngakhale mwana akhoze amamufunsabe kuti waipeza bwanji, zimenezi ine ndimazikonda kwambiri chifukwa wongoloweza amaonekera pompo. Amene Chichewa chikumuvuta amamufotokozera mu Chitumbuka.

Zodandaula zilipo. Khonde ndi laling'ono, mvula yathuyi ikayamba pamalata simumvana, komanso ana a makalasi osiyana amakhala pamodzi ndiye wochedwa kugwira nthawi zina amatsalira. Chinanso kusukulu amafunabe njira yolemba yobwereka ija ndipo madamu sakhalitsapo, muzimuonera kope mwana kunyumba.

Mtengo ndi wotheka ndipo amalipiritsa pamwezi. Pitani teremu ikangoyamba malo amatha msanga, ndipo mu June ndi July mwana azitenga juzi, pakhonde paja pamazizira zedi.