Vepu yotaya, katiriji, podi kapena ya thanki: iti imakonzeka kuno ku Kasungu?

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ndili ndi kabenchi kufupi ndi depoti pa Kasungu boma pano, koma masiku ano sabata siyitha osabwera munthu ndi vepu, kachipangizo ka batire kokokera nthunzi ya chikonga, mmanja kuti mdala tandionereni yasiya kukoka. Makamaka msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndalama zikayamba kuyenda, anyamata amapita ku Lilongwe kukabwera nazo, ena amaitanitsa kwa abale ku Joni, ena zimalowera ku Mchinji kuchokera ku Chipata. Ineyo ndinasuta zaka 11, ndinayambira chingambwe kumudzi ku Santhe tikusoka fodya mchigafa, kenako ndudu, ndipo chomwe chinandisiyitsa ndudu ndi vepu yomweyi, nde ndikamalemba izi ndikulembera anzanga amene muli nazo kale. Ngati simusuta musayambe chonde, chikonga chake ndi chomwecho cha mu fodya ndipo chimakugwira zenizeni.

Funso lomwe ndimalandira kwambiri ndi loti ndigule iti. Ine ndimafunsa kaye kuti ikafa mupanga nayo bwanji, chifukwa kuno si ku Area 47 koti ungotsika pa shopu kukatenga koyilo, kawaya kotenthetsa ka mkati mwa vepu, tili pa mtunda wa makilomita oposa 120 kuchokera ku Lilongwe ndipo thiransipoti mukuidziwa mmene ilili.

Zotaya zija, zamitundu yowala zolembedwa mapafu (maulendo okoka) masauzande pa bokosi, ndi zomwe zachuluka. Ubwino wake ndi umodzi basi, umangotsegula pepala nkuyamba kukoka. Ndatsegulapo zambiri pa benchi panga ndipo mkati mwake mulibe zambiri, kabatire ka lithium kakang'ono, kasiponji konyowa ndi jusi (timadzi ta chikonga tomwe timasanduka nthunzi), kakoyilo ka mesh pakati pa siponjiyo, ndi kasensa komwe kamamva mpweya ukakoka. Jusi akatha siponji imauma, koyilo imaotcha thonje lake, nde kakomedwe kopserera kaja kakabwera sikachokanso ngakhale mutathiramo jusi wina. Zina zili ndi potchajira pa USB-C koma kutchaja sikubweza jusi. Zomwe zimandiopsa ndi zopanda potchajira zija, anyamata amaziboola ndi mpeni kumusi nkulumikiza mawaya a chaja ya foni molunjika ku batire. Batire ya lithium imadzadza pa 4.2 volts, chaja ya foni imatulutsa 5, ndipo pakati pake palibe chodula moto. Mnyamata wina anabwera nayo itafufuma ngati chitumbuwa, yotentha moti sindinaigwire ndi dzanja, ndinaitenga ndi pulayala nkukaiika pa mchenga panja. Komanso mpeni ukangolasa batireyo moto umabuka pompo. Ku UK analetsa kugulitsa zotayazi kuyambira pa 1 June 2025, nkhani yake inali ya ana komanso zinyalala za mabatire, ife kuno tikungoziponya mu ngalande ndi pa dzala pomwe mawa lake wina akolezapo moto. Pa kukonza, yotaya ndimaipatsa ziro.

Katiriji ya 510 ndi ija yooneka ngati cholembera, kagalasi kowonda komwe umamanga pa batire ngati bawuti. Dzina loti 510 ndi la mazinga akewo, nde katiriji iliyonse ya 510 imalowa pa batire iliyonse ya 510, apa pokha ndimaiyamikira chifukwa sumangika ku kampani imodzi. Koma pali mitundu iwiri ndipo anthu ambiri sasiyanitsa. Ina kukamwa kwake nkomanga, umapotokola nkutsegula bwinobwino, kuthira jusi mmbali mwa kachubu kapakati, osati mkati mwa kachubuko chifukwa mmenemo ndi modutsa mpweya. Ina kukamwa kwake anachita kukhomera ku fakitale, ikatsekedwa yatsekedwa, ukalimbana nayo ndi pulayala galasi limasweka mmanja. Musanakoke ndi mphamvu yesani kupotokola pang'ono ndi zala, ikakana isiyeni.

Vuto lomwe ndimakonza kawirikawiri pa 510 ndi losavuta moti ndalama sindilandira. Pansi pa katiriji pali kapini kapakati, ndipo pa batire palinso kena koyang'anana nako. Munthu akamanga mwamphamvu ngati akumanga tayala la njinga kapini kaja kamalowa mkati, sizikhudzananso, batire imangothwanima. Ndimatenga chotokosera mmano, kukweza kapiniko pang'onong'ono mozungulira, kupukuta ndi kathonje ka mmakutu konyowetsa ndi isopropyl yomwe timatsukira ma board a foni, kudikira iume, basi yayaka. Mangani mpaka ingogwira, osapitiriza. Ikatsekeka mpweya, itentheni pang'ono mmanja kapena mthumba kenako pisani kawaya kowonda kukamwa kwake, osaiyandikiza ku kandulo kapena pa mbaula ayi. Koma koyilo yake, nthawi zambiri ya ceramic, sichoka. Mukathira kangapo imatopa ndipo katiriji yonse ndi yotaya. Chinanso, makatiriji obwera odzadza kale ndi mafuta olimba opanda dzina lenileni ine sindiwakhudza. Kuyambira mu 2019 mpaka kumayambiriro kwa 2020 ku America anthu oposa 2,800 anagonekedwa mchipatala ndi matenda a mapapo, 68 anamwalira, ndipo a CDC, bungwe la zaumoyo la boma kumeneko, anapeza kuti chachikulu chinali mafuta a vitamin E acetate omwe ogulitsa mmakwalala ankasakaniza mu makatiriji a chamba. Mafuta aliwonse, kaya ophikira kaya odzola, salowa mu vepu.

Tsopano podi, ija ya kapulasitiki kothiramo jusi komwe kamakhala pamwamba pa batire, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri tikuyenera kukhala. Pali ya koyilo yomatirira mkati ngati Vaporesso XROS, pomwe koyilo ikapsa umasintha kapodi konse, ndi ya koyilo yozula ngati Uwell Caliburn G, Smok Nord kapena ma Voopoo a koyilo za PnP, pomwe umangozula koyilo pansi nkulowetsa ina kapulasitiki nkukhala komweko. Palinso zobwera zodzadza kale ngati Vuse zomwe abale a ku Joni amakonda kutumiza, zimakoka bwino koma sizinapangidwe kuti uzithiramo, mapodi akatha umadikira wina abwere pa basi.

Pakati pa ziwiri zoyambazo, yomatirira ndi yaukhondo, sugwira jusi ndi zala ndipo malo odonthera ndi ochepa. Kwa mdala amene akungofuna kusiya ndudu osafuna zovuta, imeneyo ndi bho. Koma ine ndimagwiritsa ya koyilo yozula ndipo ndi yomwe ndimauza anthu kuti agule, chifukwa paketi ya makoyilo ndi kanthu kakang'ono koti mnzako woyendetsa minibasi akubweretsera mthumba la shati, komanso kapodiko umatha kukatsuka. Ndimapanga chonchi, ndimazula koyilo, kutsuka kapodi ndi madzi ofunda osati owira, kugwedeza, kukasiya pa tishu usiku onse kaume. Sopo wa ufa ayi, fungo lake silichoka. Sipiriti ya pepo ija ayi, muli poizoni. Thina yomwe anzanga ena okonza mafoni amagwiritsa ayinso, imadya pulasitiki ndi timalabala. Koyilo yatsopano ndimadonthezera jusi madontho atatu anayi pa thonje looneka mmabowo ake, kuilowetsa mpaka igwire, kudzadza podi, nde kudikira mphindi 10 ndisanakoke. Kudikiraku ndi komwe anthu amalephera, munthu wagula koyilo ndi ndalama yake yovutikira, waika, wakoka pompo thonje lili louma, yapsa tsiku lomwelo, mawa akuti anandigulitsa feki. Feki zilipo zoona, koma zambiri zomwe ndimaona ndi kupupuluma.

Koyilo yakale kuitsuka mmadzi sikuthandiza kwenikweni, mwina ikupatsani tsiku limodzi awiri. Mukaizula muona yada bii ngati pansi pa poto, ameneyo ndi shuga wa mu jusi wotsekemera kwambiri amene wapserera pa waya. Ma jusi a mango ndi ma ice otsekemerawo amadya koyilo msanga, ine wanga wa fodya wamba koyilo imandifikitsa masabata awiri pena kupitirira, mnzanga wa mango sabata siikwana.

Nkhani ya jusi ndi koyilo imayendera limodzi. Pa botolo pamalembedwa PG ndi VG. VG ndi wolimba ngati uchi, PG ndi wamadzimadzi. Koyilo zazing'ono za 0.8, 1.0 kapena 1.2 ohm zimafuna 50/50, ukathira 70/30 wochuluka VG thonje silimwa msanga nde imapserera, makamaka mu June ndi July kukazizira mmawa jusi amalimbiratu. Koyilo zazikulu za 0.3 kapena kutsika zimafuna wolimbayo, ukathira 50/50 imachucha, ndipo musayerekeze kuthira jusi wa chikonga champhamvu uja wa nic salt wa 50mg mu koyilo yaikulu, mutu uzungulira mpaka kusanza. Kutentha kwa October kuno nakonso ndi mdani, jusi amasungunuka, munthu wasiya vepu pa dashibodi dzuwa lonse akabwera thumba lonse nonyowa. Iimikeni chilili pamthunzi. Ikachucha yang'anani kaye kalabala kozungulira koyilo, kakang'ambika kapena kupindika ndi komweko, ndipo timalabala ta sipeya tobwera mu bokosi musataye.

Fumbi la kuno ndiye musanene. Podi imagwira pa batire ndi maginito, ndipo pansi pakepo pamadikha timadzi ta nthunzi, fumbi likasakanikirana ndi timadzito pamakhala matope enieni, maginito nawo amatola tizitsulo. Mukachotsa podi muona timapini tiwiri ta golide, tikanikizeni ndi chotokosera muone ngati tikubwerera, pukutani ndi tishu tsiku lililonse madzulo. Mavepu ambiri omwe amabwera kuti afa ndimangopukuta pamenepo ndi kuchotsa fumbi potchajira. Kwa amene mumagwira ntchito ku esiteti kapena a kabaza, ma Geekvape Aegis anapangidwa olimbana ndi fumbi ndi madzi, ndi olemera mthumba komanso odula koma ndawaonapo atagwa pa njinga nkudzuka bwinobwino.

Ya thanki yomanga wekha, imene amati RTA, ndi yomwe imamasuka yonse mpaka kasikuluwu komaliza, ndipo kwa munthu wa manja ngati ine imakoma. Umagula waya wa Kanthal, ine ndimatenga wa 26 gauge, kukulunga kasanu ndi kawiri pa kasikuludiraiva ka 2.5mm, zimabwera cha mma 0.8 ohm, kumanga pa timapositi, kuyeza kaye musanayatse, kupisa thonje, basi. Ikada umangochotsa thonje, kuyatsa waya pang'onopang'ono mpaka ufiire dothi lipse, kuika thonje lina. Mpukutu umodzi wa waya umatha miyezi yambiri, nde pa ndalama palibe yoiposa. Koma imafuna mtima wodekha, thonje likachuluka imapserera, likachepa imachucha, ndipo masabata oyamba muononga jusi ndithu. Thonje likhale logulira vepu lija, osati la kumunda, thonje la kumunda limapoperedwa mankhwala kangapo pa chaka ndipo mukhala mukukokera mmapapo. Waya osatenga wa mu mbaula ya magetsi kapena ayironi yakufa, simukudziwa kuti ndi chitsulo chanji.

Ndipo ma RTA ambiri amayendera makina a batire ya 18650, apa mpomwe ndimakangana ndi anthu. Mabatire ochotsa mu laputopu yakufa omwe timaika mu matochi ndi mawailesi amaoneka chimodzimodzi, kukula kwake nkofanana, koma sanapangidwe kutulutsa moto wambiri nthawi imodzi ngati mmene koyilo imafunira, amatentha. Batire yoti kapulasitiki kake kakunja kang'ambika musaike, thupi lonse la batireyo ndi negative nde ikakhudza chitsulo cha makina ndi shoti. Osaiika mthumba limodzi ndi makiyi kapena makoini. Ubwino wake ndi woti magetsi akazima tsiku lonse umangosintha batire ina yomwe unatchaja kale, pomwe wa podi akusaka pawabanki kapena kukapereka ya tchaji pa sola. Pa sola pomwepo, musaisiye pa chaja usiku onse pansi pa pilo, ikadzadza zulani.

Nde wina akandifunsa pa benchi, wa ndudu amene akufuna kusiya ndimamuuza podi ya koyilo yozula, 1.0 ohm, jusi wa 50/50, ndipo asanapereke ndalama afunse wogulitsayo ngati makoyilo ake amakhala nawo nthawi zonse, agulirenso paketi imodzi tsiku lomwelo. Ndaona mavepu abwinobwino ali mu dilowa chifukwa koyilo yake sipezeka Malawi muno. RTA ndimauza okhawo omwe ndaona kuti amatha kugwira malitimita yoyezera magetsi. Katiriji ya 510 ngati muli nayo kale isamaleni mmene ndanenera muja koma sindinganene kuti mukagule.

Botolo la jusi ndilo mulisamale kuposa vepuyo. Limanunkhira ngati maswiti, ndipo mwana wa mlongo wanga wa zaka zitatu ndinamupeza tsiku lina atalitenga pa tebulo akulimbana ndi chitsekerero ndi mano, mwamwayi chinali cholimba chija chofuna kukanikiza. Kuyambira tsiku limenelo mabotolo anga amakhala mu bokosi la zida lokhoma ndi loko, pamwamba pa kabati. Jusi akakutayikirani pa khungu sambani ndi sopo pompo, mwana akamwa musamusanzitse kapena kudikira kuti tione, thamangirani naye kuchipatala botololo lili mmanja kuti adokotala aone mphamvu yake. Zotaya zakufa amene muli pafupi bweretsani pa benchi, ndikuzisunga mu chitini cha mchenga kuseli kuti zisakathere pa dzala.