OpenPnP pa kamakina kodzipangira ndekha, ndi yaulere koma tulo mutaya

Amene mumapanga ma board a zamagetsi mukudziwa mmene zimawawira kuika tima resistor ting'onoting'ono ta saizi ya 0603 ndi tweezer, maso kuwotcha msana kuphwanya, ndiye ine ndinangoti bola ndipange kamakina kazitola nkumaika kokha. Felemu ndi ya 3D printer yakale, ma stepper motor omwewo, kapampu ka vacuum ndi makamera awiri a USB. Choyendetsa zonsezi ndi OpenPnP, pulogalamu yaulere imene anaiyambitsa Jason von Nieda mu 2011, ndi ya Java ndiye pa Windows, Linux kaya Mac imayenda bhobho.

Pa makamera ndi pamene yandigwira mtima. Yapamwamba imasaka ma fiducial, timadontho tija ta m'makona a board, moti olo mwaika board mokhota pang'ono iyo imawerengera yokha nkukonza. Yapansi imasuzumira kachipangizo kali kale kukamwa kwa nozzle, kapaipi kotolera zipangizo ndi vacuum, ikaona kuti kapendekeka imakatembenuza kaye ndiye nkukaika. QFN, ka chip kopanda miyendo yotulukira kunja, kukhala pa solder paste mwakachetechete chonchija, zoti ine ndi dzanja ndimachita kusiya kupuma. Fayilo ya .pos yosonyeza malo a chipangizo chilichonse, ya mu KiCad yojambulira ma board, imangolowa, komanso OpenPnP imatumiza G-code, malamulo oyendetsera ma motor, ndiye Marlin, pulogalamu ya m'kati mwa printer ija, inakwana.

Koma anzanga mavidiyo a pa YouTube asakunamizeni, calibration, kuchuna makina kuti aziika molondola, si ya madzulo amodzi ayi. Mu OpenPnP muli gawo la Issues & Solutions, litsatireni mmene lasanjira osadumpha kanthu. Ma nozzle otchipa amene ndinagula kwa wogulitsa wina pa intaneti anabwera okhota, akamazungulira nsonga imachoka pakati, mwayi wake pulogalamuyi imayeza kukhotako ndi kamera yapansi nkumabwezera.

Mutu weniweni ndi ma feeder, operekera zipangizo kuti nozzle itole. Njira yotchipa ndi kungomata patebulo tepi ya 8mm imene mumabwera zipangizo, kamera imatsata mabowo aja otalikirana 4mm, zimatheka ndithu koma mukasenda pulasitiki yapamwamba nkugunda tebulo mwangozi tima 0402 timadumpha ngati utitiri, simutionanso. Ma feeder a motor ndiye mtendere, kungoti chipangizo chilichonse chimafuna yake ndiye ndalama zimathera pamenepo osati pa felemu.

Ngati mumapanga ma board awiri atatu osiyanasiyana, khalani ndi tweezer yanu, nthawi yokonzekera job yokha mukhala mutamaliza kale pamanja. Koma board imodzimodziyo kambirimbiri, pangani. Amene mulibe mtima wolimbana ndi felemu kuli makina ogula a LumenPnP a kampani ya Opulo, nawonso amayendera OpenPnP yomweyi.